Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Pa bolodi la mu wodi ya ana, kuno ku Antique,
maina a anamwino analembedwa ndi inki.
Langa lokha ndi la pensulo:
Liezel Tumbagahan, wodzipereka.
Chofufutira chili pomwepo, chikulendewera pa kachingwe.

Mayeso ndinakhoza mu Novembala.
Bambo anali atagulitsa njati yathu yolimira
kuti ndimalize chaka chotsiriza,
ndipo tsiku la zotsatira anazungulira munda wa mpunga
akuuza ngakhale akakowa.

Kenaka makalata. Ndinatumiza khumi ndi asanu ndi awiri,
ku Iloilo, ku Cebu, mpaka ku Manila.
Anayankha atatu, mawu amodzimodzi ngati anachita kupangana:
tikufuna amene anagwirapo kale ntchito.
Nanga akagwirepo kuti, munthu amene simunamulembe?
Ndinafunsa envulopu. Envulopu inangoti kukamwa yasa.

Ndiye ndili pano, miyezi isanu ndi umodzi ya ulele,
kuti pamapeto pake andipatse pepala la chidindo
lonena kuti manja angawa anakhudzapo anthu.
Ndalama yokwerera amandipatsa mayi,
mapeso onunkha nsomba zouma za pamsika.
Yunifolomu ndili nayo imodzi. Ndimachapa usiku,
m'mawa ndimavala kolala isanaume.

Sabata yoyamba ndinaphonya mtsempha kawiri
pa dzanja la kamnyamata kotchedwa Dodong.
Amayi ake anandiyang'ana nkhope, kenaka nsapato,
n'kufunsa ngati palibe namwino weniweni.
Ndinakalira kuchipinda chosungira mabulangete.
Sisitala Nimfa anandipeza, sanandipepese,
anangondiponyera lalanje ndi jakisoni wakale:
baya ili mpaka dzanja lisiye kunjenjemera.
Ndinabaya malalanje asanu ndi anayi. Ena ndinadya.

Musandinamize kuti nzokoma.
Pa khumi ndi chisanu anzanga amapita kukaona ku banki,
ine ndimatsala ndikusintha madiripi.
Msana umapweteka chimodzimodzi,
kaya dzina ndi la inki kaya la pensulo.
Msuweni wanga Jhoanna anatopa mwezi wachitatu,
lero amayankha mafoni a azungu usiku wonse,
ndipo wagulira amayi ake firiji.
Sindimuweruza. Masiku ena ndimamusirira.

Koma kunabwera namondwe mu Ogasiti.
Magetsi zii, jenereta inakhosomola kawiri n'kugona.
Mvula ikulowa cham'mbali, malata akuimba,
anabwera naye mwana wa malungo a dengi, wozizira mapazi,
mitsempha itathawira m'kati ngati nkhanu.
Sisitala Nimfa anali m'chipinda china, manja odzaza magazi.
Ndinaluma foni kuti iunikire,
ndinasisita kadzanjako ndi chala, kufunafuna,
kenaka singano inalowa phee,
kadontho kofiira n'kubwerera m'kachubu
ngati munthu woyankha moni.
Palibe anaona. Bambo a mwanayo okha,
wodula nzimbe wa zikhatho zong'ambika,
amene anagwira botolo m'mwamba mpaka mbandakucha
chifukwa chokolekapo chinali chitatha.

Patapita masiku anai anandisiyira nthochi zitatu
ndi dzira lowiritsa, zokulunga m'nyuzipepala.
Ndiwo malipiro anga oyamba.
Ndinadyera pa masitepe, mchere ndinapempha kwa mlonda.

Kwatsala milungu isanu ndi iwiri.
Akuti mwina mu Januwale malo atseguka,
wina akupita ku Riyadh. Akuti. Mwina.
Bambo amalima ndi njati yobwereka
ndipo safunsa kanthu, amangoyang'ana chikwama changa.

M'mawa uno ndaima pa bolodi paja.
Dzina likadali la pensulo,
koma wina wadutsamo kachiwiri, mokanikiza,
mpaka pepala latsala pang'ono kubooka.
Sisitala Nimfa akuti sakudziwa kanthu,
akuti bedi lachisanu likudikira,
ndipo ndisambe m'manja.